Zilembo zobalalika pa mapepala a Dada ankachitira dala

Achimwene, mwafunsa ngati osindikiza ankalakwitsa pa mapepala aja a Dada, gulu la anthu a zaluso ndi alembi, poona zilembo zazikulu ndi zazing'ono zitasakanikirana, mizere ina itapendekeka. Ayi ndithu, ankachitira dala.

Gululi linayambira ku malo achisangalalo otchedwa Cabaret Voltaire mumzinda wa Zurich ku Switzerland mu 1916, nkhondo yoyamba ya dziko lonse ili mkati, ndipo linkanyoza mwambo uliwonse, ngakhale wa kasanjidwe ka tsamba. Koma tisawapatse ulemu wonse, chifukwa wolemba ndakatulo wa ku Italy, Marinetti, anali atayamba kale kumwaza mawu patsamba.

Musaiwale kuti nthawi imeneyo zilembo za mapepala ambiri otere zinali tizitsulo tosanja pamanja. Kuti mzere upendekeke, wosanja ankachita kuupanikiza ndi tizidutswa uku ndi uku kuti usagwedezeke posindikiza. Inali ntchito yowawa kuposa kusanja mowongoka.

Tafufuzani pepala loitanira anthu ku chionetsero cha madzulo chotchedwa Kleine Dada Soirée, la akatswiri a zaluso Theo van Doesburg ndi Kurt Schwitters, lomwe anagwiritsa ntchito pa ulendo wawo wa ku Netherlands mu 1923. Mawu akuti DADA ndi ofiira, ndipo zolemba zakuda zawakwera pamwamba. Limeneli ndiye zilembo zake anachita kujambula pamanja, n'chifukwa chake zapiringizana chonchi.