Yankho: Stentor ndi Paramecium si abale apafupi

Mwafunsa chifukwa chake Stentor ndi Paramecium zili m'magulu osiyana pamene zonse ndi tizilombo ta selo imodzi tosambira ndi titsitsi. Titsitsi timangosonyeza kuti zonse ndi ma ciliate basi (dzina la gulu lonse la tizilombo ta selo imodzi tokhala ndi titsitsi), sitisonyeza ubale wapafupi.

Kale akatswiri ankatigawa poyang'ana kamwa ndi mizere ya titsitsi, atatipaka mankhwala a siliva kuti zioneke pa maikulosikopu. Vuto lake n'lakuti tizilombo todya mofanana timakhala ndi kamwa zofanana ngakhale makolo ake ali osiyana. Stentor ankamuika pamodzi ndi ma spirotrich, gulu lina la ma ciliate, chifukwa cha titsitsi tozungulira kamwa, koma atayerekezera jini (kachigawo ka DNA kochokera kwa makolo) yotchedwa 18S rRNA zinaoneka kuti mzere wake unapatuka kalekale.

Mu 2008 katswiri wa ma ciliate, Denis Lynn, anagawa ma ciliate m'nthambi ziwiri. Stentor ali m'nthambi ya Postciliodesmatophora. Paramecium, Tetrahymena ndi Vorticella zili mu Intramacronucleata, ndipo zitatuzi ndi za kalasi imodzi, Oligohymenophorea, ngakhale Vorticella amakhala atamata pamalo amodzi ndi kaphesi pamene anzakewo amangosambira. Chomwe chimandisangalatsa n'chakuti kusiyana kwa nthambi ziwirizi kumaonekanso m'kati mwa selo, pa mmene nyukiliyasi yaikulu (kachigawo ka selo kosunga majini) imagawikirana.

Musadalire jini imodzi yokha, chifukwa pa nthambi zakale kwambiri imasocheretsa, n'chifukwa chake masiku ano amayerekezera majini ambirimbiri nthawi imodzi. Mukakwera pamwamba pa mtengo wa ubale wa zamoyo, ma ciliate ali m'gulu la Alveolata pamodzi ndi Plasmodium, kachilombo koyambitsa malungo.