Kwa achemwali a ku Ulongwe amene mwafunsa za kukonda mdani

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati munthu amene analozera asilikali nyumba ya bambo anu nthawi ya nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique lero mumapemphera naye tchalitchi chimodzi, ndipo mukamuona akupita kukalandira Ukaristia mtima umakuwawani mpaka kufuna kutuluka. Ndiye mukufunsa ngati Chikhristu chanu n'chachinyengo poti mukulephera kumukonda. Ena amene akuyankhani kale akuti ingoiwalani. Ine sindinena zimenezo, bambo wokubala saiwalika.

Kwathu ndi ku Domwe. Tinathawira ku Dedza ndili kamnyamata, ndipo tinabwerera Pulezidenti Chissano ndi Dhlakama wa Renamo atasainirana mtendere ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Pofika tinapeza dimba lathu la mbatatesi likulimidwa ndi mkulu wina wa pamudzi pomwepo, yemwenso aliyense ankadziwa kuti ndiye anakusa ng'ombe zathu titangothawa. Mayi anapita nayo nkhaniyo kwa amfumu, paja mlandu suola. Dimba linabwezedwa, ng'ombe ayi. Zaka zitatu tinkapatukirana panjira, moni osapatsana.

Kenaka mkuluyo mwana wake anamwalira. Ndinangoona mayi akudzaza ufa m'lichero, n'kundiuza kuti ndisenze nkhuni tizipita. Ndinakana, iwo n'kusenza okha zonse ziwiri, kukagona kusiwa komweko. Atabwerako ndinawafunsa mwaukali ngati aiwala za ng'ombe zija. Anangoti, "Sindinaiwale, ndipo ndikamuona mtima umandipwetekabe. Koma maliro n'kulirana." Nthawi imeneyo ndinkati mayi ndi ofooka. Panopa ndili ndi imvi, ndimaona kuti Mateyu 5:44 ankaimvetsa kuposa ine amene ndinkaiwerenga paguwa.

Taonani bwino vesilo. Yesu atalamula zokonda adani, pomwepo akuti tiziwapempherera amene akutizunza. Paulo pa Aroma 12:20 akunena za kumudyetsa mdani akamva njala ndi kumumwetsa akamva ludzu. Zonsezi ndi zochita ndi manja, miyendo ndi pakamwa. Palibe pamene akuti mtima uzidumpha ndi chimwemwe mukakumana naye. Mtima sulamulika ngati ng'ombe yapangolo, umabwera pambuyo, nthawi zina mochedwa kwambiri. Ndipo pa vesi 18 Paulo yemweyo akuyamba ndi mawu oti ngati n'kutheka, kusonyeza kuti ankadziwa kuti pali anthu ena ovuta kukhala nawo pamtendere.

Kukhululukanso sikutanthauza kunena kuti palibe chinalakwika. Yosefe pa Genesis 50:20 anawauza abale ake maso ndi maso kuti anamukonzera choipa, ngakhale ankawadyetsa. Ifenso kuno ku Angonia timakumbukirabe ansembe awiri aja, João de Deus Kamtedza ndi Sílvio Moreira, amene anaphedwa ku Chapotera pa 30 Okutobala 1985. Mpingo sunafufute mayina awo pofuna mtendere. Ndipo pamene Bishopu Dinis Sengulane ndi anzake anayamba mu 1995 kusinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga ndi makina osokera, sanadikire kuti mitima ya anthu iyambe yapola. Anayamba ndi chimene chinali m'manja.

Ndiye inu yambani pang'ono. Usiku popemphera mutchuleni dzina munthuyo, ngakhale lilime lilemere. Ngati mawu okoma sakubwera, ingonenani kuti Ambuye, uyu ndi wanu, ine wandikanika. Ukaristia musasiye chifukwa cha iye, tebulo si lake. Moni mukatha mupatseni, mukalephera lero mudzayesa Lamulungu linalo. Koma zopita nokha kunyumba kwake kuti akapepese, izo ndikukuletsani. Mukhoza kubwerako ndi bala latsopano. Ngati mukufuna kumufunsa za bambo anu, ndipo muli ndi ufulu wofunsa, pitani ndi akulu a mphakati kapena bambo mfumu.

Mkulu wa ng'ombe uja anamwalira osapepesa. Mayi anali atatsogola kale, ndiye kwathu woimira banja ndinali ine. M'mawa ndinatenga khasu n'kupita kukathandiza adzukulu kumanda. Ndikukumba ndinkawerengabe ng'ombe zija mumtima, zinali zisanu ndi imodzi, koma ndinakumba mpaka dzenje linatha.