Shopu yachiwiri ku Rosettenville, kapena Lamulungu la mwana?

Funso la sabata ino lachokera kwa bambo wina wa ku Mayfair:

"Ndine telala, kwathu ndi ku Mangochi, ndipo muno mu Joni ndakhalamo zaka 9. Ndili ndi kashopu kanga, makina awiri ndi ovaloko imodzi, komanso mnyamata wondithandiza. Ndimatsegula 6 koloko m'mawa n'kutseka 8 koloko usiku, Lolemba mpaka Lamulungu. Ndikalipira lendi, magetsi, ulusi ndi mnyamatayo, pamwezi ndimatsala ndi R9,000. Mnzanga akubwerera kumudzi ndipo akufuna kundisiyira malo ake ku Rosettenville. Mtima ukufuna, chifukwa nyumba yomwe ndikumanga kumudzi yaima pa mawindo. Koma mayi akunyumba akuti mwana wathu wa zaka 8 amandiona ngati mlendo, poti ndimachoka ali m'tulo n'kubwera ali m'tulo. Kodi ndikakana malowa ndiye kuti ndayamba ulesi?"

Achimwene, za ulesizo tizisiye kaye. Munthu wopalasa makina maola 14 patsiku sangafunse funso limenelo. Tengani cholembera tiwerengere limodzi.

Maola 14 kwa masiku 7 ndi maola 98 pasabata. Pamwezi akupitirira 420. Gawani R9,000 yanu ija ndi maola amenewo, mupeza kuti ola lanu likugulidwa pa R21 ndi timasenti. Malipiro otsikitsitsa omwe boma la South Africa linalamula kuyambira pa 1 Malichi 2025 anali R28.79 pa ola. Ndiye kuti inu eni shopu, amene munagula makina ndi thukuta lanu, mukudzilipira ndalama yomwe bwana wina aliyense akanapalamula nayo mlandu. Komanso lamulo la zantchito la mu 1997 limati wantchito agwire maola 45 pasabata, owonjezera asapitirire 10, apume maola 36 otsatizana sabata iliyonse, ndiponso akhale ndi tchuthi cha masiku 21 pachaka. Lamuloli silikukhudzani monga mwini bizinesi, koma likukhudza mnyamata wanu uja. Ngati naye mukumutsekera mushopumo mpaka 8 koloko tsiku lililonse, dziwani kuti CCMA, bungwe loweruza mikangano ya pantchito, imamva madandaulo ngakhale a anthu obwera.

Sindikunena kuti mugulitse makina mukafune ntchito kwa mwenye. Shopu ili ndi zabwino zomwe sizioneka pa masamu aja. Palibe angakuuzeni kuti mawa musabwere, makasitomala ndi anu, makinawo ndi katundu woti tsiku lina adzakwera basi pa Park Station n'kukatsika nanu kwanu. Ifenso obwera timadziwa momwe ntchito yolembedwa imavutira nkhani ya mapepala ikalowapo. Chomwe ndikunena n'chakuti pakadali pano shopuyo ndi imene yakulembani ntchito, ndipo ndi bwana wankhanza. Mukadwala sabata imodzi, ndalama yaima. Bizinesi yotere ikabereka inzake, simupeza R18,000. Mupeza lendi ziwiri, madipoziti awiri, ndi munthu mmodzi yemweyo akuthamanga pakati pa Mayfair ndi Rosettenville pa takisi, lumo lili m'thumba. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa.

Ndiye yankho langa pa malo a mnzanuwo ndi lakuti ayi, osati chaka chino. Mukadzafika powaganiziranso, mudzayambe mwaonana ndi mwini nyumbayo, chifukwa mnzanu sangakusiyireni pangano la lendi lomwe lili m'dzina lake mwini malo asanavomere.

Tsopano tibwere ku nkhani yomwe mayi akunyumba akunena, poti ndi imene ili yaikulu.

Gulani kope la R10. Kwa masabata anayi, lembani ntchito iliyonse yolowa: tsiku, mtundu wake, ndalama yomwe mwalandira ndi nthawi yomwe yakudyerani. Matelala ambiri omwe ndachita nawo zimenezi amadabwa. Kupinda thalauza kapena kusintha zipi kumatenga mphindi zochepa ndipo kasitomala amalipira pompo. Diresi laukwati la mayi wa kutchalitchi, loyeza katatu, lophwasulanso chifukwa "m'chiunomu mwathina", lomwe mumachezera nalo usiku n'kudzalandira ndalama yake mwapang'onopang'ono mpaka Khirisimasi, nthawi zina ndi limene limakubwezerani ola lanu ku R10. Kopelo likakuonetsani ntchito zoterezi, zikwezereni mtengo. Ena athawa, inde. Othawawo ndi omwe amakugonetsani mochedwa. Otsalawo azipereka theka la ndalama musanadule nsalu, ndipo tsiku lodzatenga chovala muzilitchula ndinu, osati iwo.

Kope lomwelo likuuzani tsiku lomwe shopu imakhala zii. Apa ndiye pali povuta, chifukwa tsiku lopanda makasitomala likhoza kupezeka kuti ndi Lachiwiri, pomwe mwana ali kusukulu ndipo mayi ali kotanganidwa. Kupuma Lachiwiri kupumitsa msana wanu, koma sikuthetsa dandaulo la kunyumba. Lamulungu ndi lodula, poti ndi pamene anzathu ogwira ntchito m'nyumba ndi m'maluwa ku Sandton ndi Randburg amapeza mpata wobweretsa zitenje zawo. Komabe werengani mtengo wake weniweni. Ambiri mwa iwo mukawauza kuti Lamulungu mumatseka 12 koloko, adzabwera m'mawa. Ndalama yomwe mungataye masana amenewo mwina singafike R300. Imeneyo muzingoiona ngati mwagula masana a Lamulungu, monga momwe mumagulira thumba la simenti. Mukazolowera, tsekani tsiku lonse. Nyengo za Eid ndi Disembala, pomwe maoda amachita kusefukira, mutha kugwira usana ndi usiku, koma banja lidziwiretu kuti ndi masabata angati ndipo pambuyo pake mupuma liti.

Foninso izitseka pamodzi ndi chitseko. WhatsApp Business ili ndi poika uthenga woyankha wokha mukaweruka. Kudya nsima dzanja lina lili pa foni kuyankha za mtengo wa suti, mwana amaona kuti bambo sanabwerebe.

Pa za nyumba ya ku Mangochi ndiyankhula ngati mbale wanu. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ambiri kuno tinasangalala kuti randi yathu yalemera, koma pasanapite nthawi simenti ndi malata zinakwera n'kutipeza pomwepo. Nyumba yakumudzi ili ndi khalidwe lothawa. Mukafika pa lenta, amisiri akuti pakhale khonde. Khonde likatha, achibale akuti nanga mpanda. Ine ndinali ndi amalume, mtchona weniweni, omwe anamanga nyumba ya zipinda zisanu kudzera pa zithunzi za pa foni. Ankatitumizira tonse, chipinda ndi chipinda, akunena kuti akangomaliza matayilosi abwera kudzapuma. Anagonamo usiku umodzi, pabalaza, ali m'bokosi lomwe anzawo a kuno anasonkherana kuti lidutse pa Beitbridge ndi pa Mwanza. Ana awo analira mwaulemu, ngati akulira munthu woyandikana naye nyumba. Sindikukuopsezani, koma chithunzi chimenecho chimandibwerera ndikamva munthu akuti "ndikangomaliza".

Choncho khalani pansi ndi mayi akunyumba mugwirizane nambala ziwiri. Yoyamba ndi ndalama yotumiza kumudzi pamwezi, kaya pa Mukuru kaya pa Mama Money, imodzi yokhazikika, ya nyumba ndi ya achibale pamodzi. Foni ya pakati pa mwezi yoti "zavuta kuno" ndi imene imakubwezerani pa makina Lamulungu madzulo. Yachiwiri ndi kukula kwa nyumbayo: zipinda zingati, ndipo ikafika pati mudzati yatha. Ikachedwa ndi chaka chimodzi, njerwa sizikalamba msanga. Mwana wa zaka 8 ndiye akadzafika 14 sadzafunanso kuyenda nanu.

Mnyamata wanu uja muyambe kumuphunzitsa kuyeza ndi kudula, osati kungomupatsa zopinda. Ndikudziwa mantha ake: akadziwa ntchito atenga makasitomala n'kukatsegula yake pakona. Zimachitikadi. Koma telala amene amabisa lumo ndi amene sapita ngakhale kumaliro a mayi ake. Mulipireni moyenera, muzimupatsa kenakake pa chovala chilichonse chomwe wamaliza yekha, kenaka mumusiyire shopu kwa masiku atatu muone zomwe mudzapeze mukopemo. Zikayenda, yesani sabata yathunthu. Tsiku lomwe mudzathe kupita ku Mangochi masabata awiri, shopu n'kulipira yokha lendi, mudzandilemberenso, ndipo pamenepo tidzakambirana za Rosettenville kapena malo ena, poti mashopu a lendi mu Joni sadzatha.

Mnzanuyo muuzeni msanga kuti apeze wina asananyamuke. Ngati akugulitsa makina ake pa mtengo wabwino, amenewo gulani, muwaike mushopu yomwe muli nayo kale.

Lamulungu likubwerali tsekani 12 koloko. Kuchokera ku Mayfair kukafika ku paki ya Zoo Lake si patali, ndipo polowa salipiritsa. Mutengereko buledi wotsala, mwanayo akaponyere abakha.