Za dzina la Joyce, kwa bambo a mwana aku Chinamwali

Bambo a mwana, choyamba tiyamike Mulungu kuti mayi achira bwino ndipo khanda lili ndi moyo. Mwalemba kuti apongozi anu akufuna mwanayu atchedwe Joyce, dzina la malemu mayi awo, pomwe akunyumba kwanu akuti limeneli ndi dzina la azigogo. Mwafunsanso ngati n'zoona kuti Joyce ndi Chimwemwe, monga ambiri akuyankhirani.

Amene akuti Chimwemwe akuganiza za Joy. Mayina awiriwa amamveka ngati apachibale koma anachokera kosiyana. Joyce linayambira kwa munthu wamwamuna, Judoc, mwana wa mfumu ya ku Brittany, kumadzulo kwa France, yemwe anakhala ndi moyo m'zaka za m'ma 600. Mwayi wolowa ufumu unalipo koma iye anaukana, n'kupita kukakhala kwayekha kumpoto kwa France, moyo wake wonse n'kukhala wa mapemphero. Anamwalira cha m'ma 668, ndipo Akatolika amamukumbukira pa 13 Disembala. M'chiyankhulo cha kwawoko, dzina lakelo likuchokera ku mawu otanthauza mbuye kapena bwana. Afalansa analitchula mwa lilime lawo kuti Josse, n'chifukwa chake mudzi umene ankakhala umatchedwa Saint-Josse mpaka lero. Ku England linafala pambuyo pa 1066, William wa ku Normandy atalanda dzikolo, pakuti pagulu lake la nkhondo panali anthu ambiri a ku Brittany. Kwa nthawi yaitali Joyce ankatha kukhala mwamuna kapena mkazi. Amuna anadzalisiya, kupatula ku Ireland komwe linakhala dzina la banja, ndipo poti limamveka pafupi ndi mawu a Chingerezi onena za kusangalala, linakhazikika kwa ana aakazi. Choncho chimwemwe chimene anthu amamvamo chinachita kulowamo pambuyo pake.

Nthawi yake yeniyeni inali zaka za m'ma 1920 ku England, ndi za m'ma 1930 ndi 1940 ku America, pomwe linali m'gulu la mayina a atsikana otchulidwa kwambiri. Apa ndi pomwe nkhaniyi ikufikira kwathu kuno. Zomba inali likulu kuyambira nthawi ya atsamunda mpaka 1975 pomwe boma linasamukira ku Lilongwe, ndipo tinazunguliridwa ndi mamishoni, a Chipresibateriya ku Domasi, a Anglican ku Malosa, Akatolika m'tauni muno. Dzinali mulibe m'Baibulo, kusiyana ndi Rute, Estere kapena Marita. Ine ndimaona kuti makolo athu analitola kwa anthu amoyo: namwino wa kuchipatala, mphunzitsi wa pamishoni, dona wa kunyumba komwe bambo ankagwira ntchito yophika. Atsikana amene anabadwa ku England m'ma 1920 ndi omwewo amene anali akuluakulu cha m'ma 1950. Mayi Joyce Banda anabadwira kwa Malemia konkuno pa 12 Epulo 1950. Anadzakhala phungu wa Zomba Malosa, wachiwiri kwa pulezidenti mu 2009, kenako pulezidenti woyamba wamkazi wa dziko lino kuyambira 2012 mpaka 2014. Ku Zimbabwe kuli mayi Joice Mujuru, amene anakhalapo wachiwiri kwa pulezidenti wa dzikolo, obadwa mu 1955. Ndi msinkhu umodzi umenewu, ndipo ndikukhulupirira kuti malemu agogowo sanali patali nawo.

Ndiye akunyumba kwanu sakunama. Titalandira ufulu mu 1964, Chichewa n'kukhala chiyankhulo cha dziko mu 1968, makolo ophunzira omwe anayamba kunyadira Chikondi, Chisomo, Tiyamike ndi Thokozani. Kenako mipingo ya Chipentekoste inabwera ndi Favour, Praise ndi Miracle. Lero mukaitana Joyce kumsonkhano wa amayi a Mvano atembenuka angapo, koma kusukulu ya mkaka mwina osapezeka ndi mmodzi yemwe. Ku England komweko linazilala chimodzimodzi.

Komabe ine ndili kumbali ya apongozi, ndipo ndinene chifukwa chake. Iwowo sakufunsa za Judoc, za ku France sakuzidziwa n'komwe. Akufuna kumvanso dzina la mayi awo likuitanidwa pakhomo, mwana akatumidwa kukatunga madzi kapena akachedwa kosewera. Kwathu kuno mwana akatuluka m'chikuta, wopereka dzina amakhala kuti wamutenga mwanayo ngati wake, amamupatsa kamphatso, ndipo ubale wawo umakhala wapadera mpaka kalekale. Kuwakanira chifukwa choti dzinalo lachoka m'fasho kungawapweteke kuposa momwe mukuganizira, ngakhale sangakuuzeni pamaso. Komanso mayina amazungulira ngati mitundu ya zitenje, chimene amayi anachiika pansi pa sutikesi mdzukulu amadzachivala monyadira. Favour amene akumveka watsopano leroyu adzakhalanso dzina la azigogo. Mwana wanu akadzakhala Joyce yekhayo m'kalasi ya ana 80, ine sindikuonapo choipa.

Pali ena amaopa kuti dzina la malemu limabwera ndi khalidwe la mwini wake. Ngati nkhawa ya mayi a mwana ili pamenepo, aiulule, ndipo akhale pansi ndi amayi awo awauze kuti agogowo anali munthu wotani, anawapatsa dzinalo ndani, ankakhala bwanji ndi anthu. Nkhani imeneyi ndi ya mayi ndi mwana wake, inu akamwini musaitsogolere.

Mayi amene anasenza mimba miyezi 9 nawonso ali ndi mawu. Asankhe dzina lachiwiri la kumtima kwawo, kaya Tadala kaya Chimwemwe yemweyo, mayina onse awiri alembedwe. Pakhomo lidzapambana lokha limene anthu akulikonda. Chomwe ndikupemphani n'chakuti mugwirizane kalembedwe musanalembetse chiphaso cha kubadwa. Ena amalemba Joyce, ena Joice, kumudzi timangoti Joyisi, ndipo chilembo chimodzi chikasiyana pakati pa chiphasocho, satifiketi ya MANEB ndi chitupa cha unzika, amadzavutika ndi mwanayo pofuna ntchito kapena pasipoti. Lilembeni papepala, mupatse mayi apite nalo kusikelo.