Funsani Ankolo: Kukaphunzira za chilengedwe ku Sri Lanka, mwana wa ku Mulanje apindulako chiyani?

FUNSO: Ankolo, ndine mtsikana wa zaka 24, kwathu ndi ku Mulanje kufupi ndi Chitakale. Ndinamaliza digiri ya za nkhalango ndi chilengedwe chaka chathachi koma ntchito sinapezeke mpaka pano, ndimangothandiza mayi kugulitsa nanazi ndi mapeyala pamsewu. Mwezi wathawu ndalandira kalata yoti andisankha pa kosi ya miyezi ingapo ku Sri Lanka yophunzira za chilengedwe ndi chikhalidwe cha anthu a pachilumbapo, tikiti ndi pogona alipira eni ake. Vuto ndi mayi, akuti ndi kutaya nthawi, akuti ukukaonanso tiyi kunjako ngati kuno kulibe. Anzanganso akuti bola ikanakhala UK kapena America. Ndipite kapena ndidikire mwayi wina?
Mtsikana wa ku Chitakale

YANKHO: Pita mwanawe, osachedwanso ayi. Anzako a UK aja asiye, iwowo akuganiza za zithunzi za pa Facebook, koma iwe unaphunzira za mitengo, nthaka ndi madzi ndiye funso n'loti ndi dziko liti lomwe mavuto ake akufanana ndi a kwanu. London ilibe napolo, ilibe esiteti ya tiyi, ilibe anthu olima m'mbali mwa phiri chifukwa malo abwino anatengedwa kalekale. Sri Lanka ili nazo zonsezi.

Mayiwo sakunama kuti kuli tiyi, ndipo ukawauze nkhani iyi mwina aseka. Azungu atafika m'mapiri a chilumbachi, nthawi imeneyo chinkatchedwa Ceylon, anayamba ndi khofi. Mu 1869 kunabuka matenda a chiwawu omwe anamaliza khofi yense pang'onopang'ono, ndiye anthu anathawira ku tiyi yemwe James Taylor wa ku Scotland anali atayamba kudzala ku Loolecondera kufupi ndi Kandy mu 1867. Alimi ena a khofi atagwa mphwayi anangochokako, ndipo m'modzi mwa iwo, Henry Brown, ndi amene anadzafika ku Mulanje n'kudzala tiyi ku Thornwood cha m'ma 1891, mbewu yake atatenga ku mishoni ya Blantyre. Ndiye tiyi amene mayi amamuona tsiku lililonse akamapita pamsewupo ali ndi chibale ndi wa komwe ukupitako.

Koma kufananako sikuthera pa masamba. Kuno amene anathyola tiyi pa maesiteti ambiri anali Alhomwe ochokera ku Mozambique ndi anthu a thangata, kumeneko azungu anakatenga Atamil ku mmwera kwa India n'kuwaika m'nyumba zazitali zogawidwa tizipinda, banja lonse kachipinda kamodzi, khomo limodzi, malata adzimbiri, mpope umodzi mzere wonse. Zina mwa nyumba zimenezi anthu akugonamobe mpaka lero. Dzikolo litangolandira ufulu mu 1948 linakhazikitsa lamulo lomwe linawasiya ambiri mwa anthuwa opanda unzika, ndipo nkhaniyi inadzathera mu 2003. Ndikukuuza izi chifukwa makosi ambiri akati chikhalidwe amatanthauza magule, akachisi ndi zovala zokongola basi, adzakutengerani ku kachisi wa dzino la Buddha ku Kandy, mudzajambula, mudzabwerera. Zabwino ndithu, kaone. Koma iwe upemphe kuti ukafikenso ku nyumba za antchito a pa esiteti ukacheze ndi amayi othyola tiyi, uwafunse nkhuni amazitenga kuti, madzi amatunga kuti, dimba ali nalo kapena ayi. Mwana wa ku Mulanje adzamva mayankho amenewo mwansanga kuposa mnzake wa m'kalasi wochokera ku Ulaya.

China choti ukachiyang'anitsitse ndi ichi, ku Sri Lanka tiyi wambiri, pafupifupi magawo 7 mwa 10, amalimidwa ndi alimi ang'onoang'ono, pomwe kwathu kuno maesiteti ndi amene ali ndi gawo lalikulu ndipo alimi wamba a ku Thyolo ndi Mulanje amangotola nyenyeswa. Zinatheka bwanji kumeneko? Kafunse. Ali ndi malo awo ofufuza za tiyi ku Talawakelle omwe anayamba mu 1925, ofanana ndi athu a ku Mimosa aja, ngati mpata ulipo kafikeko.

Tsopano za napolo, apa ndiye ndikufuna umve bwino. Sindikuyenera kukukumbutsa zomwe namondwe Freddy anachita mu Malichi 2023 ku Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi ku Soche, unaziona wekha. Mapiri a ku Sri Lanka nawo amagumuka mvula ikachuluka, mu Okutobala 2014 phiri linakwirira nyumba za antchito pa esiteti ya Meeriyabedda ku Koslanda, mu Meyi 2016 zinachitikanso ku Aranayake. Kusiyana kwake n'koti iwo ali ndi bungwe la boma lomwe linajambula mapu osonyeza malo oopsa, ndipo limachenjeza potengera mvula yomwe yagwa m'maola 24, ikafika mamilimita 75 akuti khalani tcheru, ikafika 100 konzekani, ikafika 150 samukani. M'midzi ina anthu eni ake ali ndi kachipangizo koyezera mvula ndipo amawerenga okha osadikira wailesi. Sikuti anthu safa ayi, amafabe, koma nzeru imeneyi ndi yotchipa ndipo itha kugwira ntchito m'midzi ya m'tsinde mwa phiri lathu popanda kudikira ma dona. Ukabwera ndi chimenechi chokha ndiye kuti ulendo walipira.

Nkhalango zake ndi zosangalatsa kwa munthu wa maphunziro ako. Chilumbachi ndi chaching'ono, makilomita 65,610 mbali zonse, kungoposa pang'ono theka la Malawi, koma muli anthu pafupifupi 22 miliyoni, ndipo poti chazunguliridwa ndi nyanja muli achule, abuluzi, mbalame ndi mitengo yambiri yomwe sipezeka kwina kulikonse, monga mmene mkungudza wathu ulili wa pa Mulanje pokha. Sinharaja ndi nkhalango ya mvula yomwe UNESCO, nthambi ya UN yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inaiika pa mndandanda wake wa malo ofunika pa dziko lonse mu 1988, ndipo Horton Plains ndi chidikha cha pamwamba pa mapiri, udzu, nkhungu, mphepo yozizira ndi timitengo tokhotakhota, ukafika udzangoti ndili pa Lichenya. Phiri lawo lalitali kwambiri, Pidurutalagala, ndi mamita 2,524, Sapitwa ndi 3,002, ndiye akakamayamba kudzitama uwauze.

Kumpoto kwake kouma kuli china chomwe ine ndimachisirira kwambiri, madamu ang'onoang'ono masauzande omwe makolo awo anakumba kalekale motsatizana m'chigwa chimodzi, madzi akasefukira m'damu lapamwamba amalowa m'lotsatira, akathirira mpunga amatsikiranso m'lina, mpaka kumunsi. Lalikulu lotchuka ndi Parakrama Samudra ku Polonnaruwa la m'zaka za m'ma 1100. Ife madzi a Ruo, Likhubula ndi Lichenya amangothamangira ku Shire, ikafika Okutobala tikulira chilala.

Ndipo usaope kufunsa za fetereza. Mu Epulo 2021 boma lawo linaletsa mwadzidzidzi kuitanitsa fetereza wa m'sitolo kuti dziko lonse lilime ndi manyowa okha, zokolola za mpunga ndi tiyi zinatsika, lamulolo linachotsedwa chaka chomwecho chisanathe, ndipo mu Julayi 2022 chuma chitagweratu, mizere ya mafuta ili ponseponse, pulezidenti Gotabaya Rajapaksa anathawa m'dzikomo. Inu ophunzira za chilengedwe mumakonda kunyoza fetereza, ndiye kamve kwa alimi omwe anaziona ndi maso.

Usananyamuke chita homuweki ya kwanu. Kwera phiri ndi ma gaidi a ku Likhubula, jambula malo omwe munali mikungudza ndi momwe mwagumuka, pita ku ofesi za Mulanje Mountain Conservation Trust ukapemphe zowerenga, cheza ndi agogo za mizimu ya m'phirimo popeza ndi zomwezo zapangitsa kuti UNESCO iliike pa mndandanda wake mu 2025. Kumeneko adzakufunsa za kwanu, ndipo zimachititsa manyazi munthu kudziwa maina a mitengo ya ku Sinharaja koma osadziwa ya ku Chambe.

FUNSO: Ankolo, mwana wanga wamwamuna akuti akufuna kukachita masitazi ya za ulimi ku yunivesite ya Peradeniya ku Sri Lanka. Ine nkhawa yanga ndi nkhondo yomwe tinkamva pa wailesi, matenda, komanso ife ndi a mpingo, kumeneko akapemphera kuti? Nanga azikadya chiyani poti mwanayu popanda nsima sagona?
Bambo wa ku Bvumbwe

YANKHO: Bambo, mtima m'malo. Nkhondo yomwe munkamvayo inayamba mu 1983 ndipo inatha mu 2009, inali makamaka kumpoto ndi kum'mawa, pomwe Peradeniya ili pakati pa chilumba pafupi ndi Kandy. Ndi sukulu yakale yodziwika bwino pa za ulimi, moyandikana ndi munda waukulu wa boma wosungirako mitengo ndi maluwa. Chomwe mungamulangize n'choti nkhani ya nkhondoyo asamaiyambitse yekha pocheza, mabala ake sanapole kwa Asinhala, omwe ndi mtundu waukulu m'dzikomo, ndi Atamil omwe, ndipo akaona zionetsero adutse kutali.

Za matenda mudabwa, malungo kulibe, bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linalengeza mu 2016 kuti anatha m'dzikomo. Ndiye iyeyo ndi amene angawapititsire, akayezetse asananyamuke ndipo akakatentha thupi masabata oyambirira akauze adokotala kuti wachokera ku Malawi. Komwe kuli vuto ndi dengue, udzudzu wake umaluma masana ndiye neti yokha sikwanira, agule mafuta odzola othamangitsa udzudzu. China chomwe sichipha koma chimasowetsa mtendere ndi misundu ya m'nkhalango ndi m'minda ya tiyi nthawi ya mvula. Si ya m'madzi ngati yathuyi, imakhala pa udzu itaimirira ngati kachingwe kakang'ono, imalowa pa bowo la chingwe cha nsapato osamva kanthu, pofika madzulo kuvula sokosi yangoti psuu magazi. Kumeneko amagulitsa masokosi ake apadera ofika m'mawondo, agule tsiku loyamba.

Matchalitchi aliko, Akatolika ndi ambiri ndithu makamaka m'mbali mwa nyanja cha ku Negombo, a Anglican, a Methodist ndi ena aliponso, mizikiti nayo iliko. Koma anthu ochuluka, pafupifupi 7 mwa 10 aliwonse, ndi Abuda, ndipo apa mwana wanu asamale. Polowa m'kachisi amavula nsapato ndi chipewa, mapewa ndi mawondo zikhale zophimbidwa, ndipo asayerekeze kujambulitsa atafulatira fano la Buddha, anthu anamangidwapo chifukwa cha zithunzi zachipongwe. Tsiku lililonse lomwe mwezi waoneka wathunthu ndi holide, amalitcha Poya, maofesi amatseka ndipo mowa sagulitsa. Sikuti akasiye chikhulupiriro chake, ndi ulemu chabe womwe inunso mumayembekezera kwa mlendo akafika pa maliro kwanu.

Nsima ndiye aiwale kaye. Ndi mpunga m'mawa, masana ndi madzulo, ndiwo zake nyemba zonga mphodza, nsomba, masamba, zonse zothira mkaka wa kokonati ndi tsabola woti ngakhale wokonda kambuzi amatuluka thukuta. Amadya ndi dzanja lamanja ngati ife ndiye pamenepo savutika. Sabata ziwiri zoyamba m'mimba mudzadandaula kenako adzazolowera. Poimba foni muzikumbukira kuti iwo ali patsogolo ndi maola atatu ndi theka, mukamaimba 8 koloko usiku kuno mwanayo kumeneko ili hafu pasiti 11.

FUNSO: Ankolo, pali munthu pa WhatsApp akuti atha kundipezera malo pa kosi ya zachilengedwe pa chilumba china ku Asia, akuti nditumize kaye ndalama ya fomu ndi viza pa foni. Komanso ndikapita ndingabweretseko mbewu za sinamoni ndi tsabola wakuda kudzadzala kuno?
Mnyamata wa ku Luchenza

YANKHO: Achimwene, munthu amene sakutchula ngakhale dzina la chilumbacho kapena la sukulu koma akudziwa kale nambala yotumizirapo ndalama, ameneyo mukumudziwa kale. Sukulu yeniyeni imalemba kalata yokhala ndi dzina lanu, dzina la kosi, masiku ake ndi zomwe ikulipira, ndipo inu mutha kuilembera nokha pa imelo yomwe ili pa webusayiti yake kufunsa ngati kalatayo ndi yawo. Ngati ndi digiri funsaninso a NCHE, bungwe loona za maphunziro apamwamba ku Lilongwe, ngati pepala lakelo lidzavomerezedwe kuno. Pasipoti musapatse munthu kuti akusungireni, kuno kapena kunjako. Achinyamata ambiri a mu Africa muno anapita ku Asia atalonjezedwa sukulu kapena ntchito ya pa kompyuta n'kukapezeka atatsekeredwa m'mipanda ku Myanmar ndi Cambodia akukakamizidwa kubera anthu pa intaneti.

Za mbewuzo, musaike m'chikwama mwakabisira. Ku Sri Lanka kutenga chomera, kachirombo kapena gulugufe m'nkhalango yotetezedwa popanda chilolezo ndi mlandu waukulu, ngakhale ophunzira amene akuchita kafukufuku amayamba apempha pepala ku dipatimenti ya nkhalango kapena ya nyama zakutchire. Kunonso mbewu yolowa m'dziko imafuna chilolezo cha unduna wa zamalimidwe ndi satifiketi yosonyeza kuti ilibe matenda. Inu muli pafupi ndi Bvumbwe, kwerani minibasi mukafunse pa siteshoni ya kafukufuku ija, akuuzani ngati mbande zomwe mukufunazo zikupezeka konkuno ndi mapepala ofunika ngati mukufunadi kuitanitsa.