Kodi mchere ndathira kale?

Mayi wina wanditumizira imelo. Akuti chidwalireni sitiroko, mutu wawo sukugwira zinthu ngati kale. Akamaphika motsatira malangizo olembedwa amawerenga mzere, kutembenukira kupoto, basi zathawa. Mchere amathira kawiri, tsiku lina osathira n'komwe. Ana awo akuti angosiya kuphika, ndiye akufunsa kuti, "Kodi ndisiyedi?"

Mayi, musafulumire kusiya. Ubongo susunga zinthu zonse mofanana. Zongomva kumene, monga "masupuni awiri a shuga", umazigwira kwa kanthawi kochepa, ndipo foni ikangolira zimabalalika ngakhale kwa munthu amene sanadwalepo. Koma zomwe manja anazolowera, kusenda, kuduladula, kutakasa, nthawi zambiri zimakhalitsa. Luso mukadali nalo. Chikusowa n'chokuuzani pamene mwafika.

Ntchito imeneyo ipatseni tebulo. Musanayatse moto, yezeranitu zonse, chilichonse m'kambale kake, n'kuzindandalika kumanzere kwanu motsatana ndi mmene zilowere mupoto. Paketi ya mchere ibwerere m'kabati nthawi yomweyo, isakhale pafupi ndi dzanja. Mukathira kanthu, kambale kake kapite kumanja. Mtima ukayamba kukayika, ingoyang'anani: ngati kambale ka mchere kali kumanja, mchere walowa. Inde, zotsuka zichuluka, koma zimenezo ana aja angathandize.

Malangizo olembedwa a kaphikidwe aja musawatsate mmene alili. Olemba ambiri amaunjika ntchito zinayi m'chiganizo chimodzi, miyezo n'kuiika pamwamba patsamba, kutali ndi pamene ikufunika. Koperani papepala lanu ndi zilembo zikuluzikulu, ntchito imodzi pamzere umodzi, muyezo wake uli pomwepo. Muzichonga mukamaliza kuchita, osati mukangowerenga.

Pa nkhani ya moto ndiye sindinyengerera. Mchere ukachuluka chawonongeka n'chakudya chokha, koma sitovu yoiwalika ingathe kuotcha nyumba. Tcherani alamu nthawi iliyonse mwateleka poto, ndipo mulembe chimene mwaitcherera, chifukwa ikhoza kulira inu osadziwa kuti ikulirira chiyani. Mukamakazinga musatuluke m'khitchini. Wina akagogoda, zimitsani kaye. Mafuta akagwira moto musathire madzi: zimitsani sitovu, vundikirani potoyo ndi chivundikiro chake. Mzere womaliza papepala lanu ukhale "Zimitsani sitovu", nawonso muzichonga.

Ana anu akulankhula chifukwa cha mantha. Auzeni akhale pambali tsiku lina, osalowererapo, aone mukuphika mwa njira imeneyi, kenako mukambirane. Zikaoneka kuti moto mukuusiyabe woyaka, muziphika panyumba pali munthu wina. Mukapitanso kwa dokotala mutchule zimenezi, mutatenga mankhwala onse amene mukumwa, chifukwa ena, monga ogonetsa, amawonjezera kuiwala.