Bwanji ku America amalola kusaka nkhukundembo m'nyengo yoswana?

Mmodzi mwa owerenga athu, yemwe akugwira ntchito m'chigawo cha Tennessee ku America, watilembera imelo. Akuti: "Anzanga akuntchito andiitana kuti mu Epulo tikasake nkhukundembo zam'tchire. Iwo omwe akudandaula kuti mbalamezi zikuchepa. Nanga boma limalolanji kuzipha pa nthawi imene zikuikira mazira? Ndipo ndikapita nawo, ndisamale chiyani?"

Achimwene, funso lanu lafika pa mutu weniweni wa nkhani. Malamulo onse a ulenje umenewu anamangidwa pa mfundo imodzi: thadzi ndi chisa chake zisakhudzidwe. Tambala mmodzi amakwera mathadzi angapo, ndipo akatero ntchito yake yatha. Safungatira mazira, salera anapiye. Choncho tambala wophedwa mathadzi atakweredwa kale sachepetsa anapiye a chaka chimenecho. Mawu ofunika pamenepa ndi akuti "atakweredwa kale", ndipo mkangano wonse wa masiku ano uli pomwepo.

Tiyambe ndi kumene zinachokera. Pofika zaka za m'ma 1930 nkhukundembo zam'tchire zinali zitatsala pang'ono kutheratu. Nkhalango zinadulidwa, ndipo alenje ankazipha chaka chonse n'kumagulitsa m'misika. Lamulo la Lacey Act la mu 1900 linaletsa kuwolotsa nyama yophedwa mosavomerezeka kuchoka m'chigawo china kupita china. Mu 1937 kunabwera lamulo la Pittman-Robertson, lomwe limatenga msonkho wa 11 peresenti pa mfuti zazitali ndi zipolopolo n'kuupereka ku zigawo kuti zisamalire nyama zam'tchire.

Ndalama zitapezeka, akatswiri anayamba ndi njira yolakwika. Ankaweta nkhukundembo m'makola n'kukazitaya m'nkhalango. Pafupifupi zonse zinkafa, chifukwa mwanapiye amene sanayende ndi make m'tchire sadziwa kubisala, sadziwa kugona mumtengo, sadziwa kulira kochenjeza kuti mphamba wafika. Zinasintha mu 1951 pamene Herman Holbrook anagwira nkhukundembo zam'tchire zenizeni ndi ukonde woponyedwa ndi wonga m'nkhalango ya Francis Marion ku South Carolina. Ankathira chimanga pansi, gulu likasonkhana ukonde n'kuligwera, kenako mbalamezo n'kuzisamutsira kumene zinatha. Bungwe la National Wild Turkey Federation, lomwe linayamba mu 1973, linathandiza kwambiri pa ntchito yosamutsayi. Kumayambiriro a zaka za m'ma 2000 zinafika pafupifupi 7 miliyoni, ndipo lero zimasakidwa m'zigawo zonse kupatula Alaska.

Anzanu sakunama: kuchokera nthawi imeneyo zatsika, makamaka kum'mwera chakum'mawa kwa dzikolo. Kuti mumvetse chifukwa, yang'anani thadzi. Limapalasa kadzenje pansi, m'munsi mwa chitsamba kapena pambali pa chipika, n'kumaikira dzira limodzi patsiku mpaka akwane 10 kapena 12. Zimenezi zimatenga milungu iwiri. Kenako limafungatira masiku 28, usana ndi usiku, kungochokapo kanthawi kochepa kukadya. Milungu isanu ndi umodzi yonseyi mazira ali pa dothi, pamene njoka ndi tinyama todya mazira monga raccoon, opossum ndi skunk, yemwe ali ngati kanyimbi wathu, zimadutsa. Zisa zambiri sizifika poswa.

Akaswa, mavuto ndiye ayamba. Kwa milungu iwiri anapiye sauluka, amagona pansi m'mapiko a make. Ambiri amafa m'masiku amenewa. Mvula yozizira ya masiku awiri kapena atatu imawapha. Chakudya chawo ndi ziwala ndi tizilombo tina, choncho amafuna tchire lofika m'mawondo mwa munthu, lophimba pamwamba koma lotseguka pansi: mwanapiye athe kuthamanga, thadzi lithe kutulutsa mutu n'kuona mdani. Udzu wa ng'ombe wothithikana ngati fescue umawatchinga ngati khoma. Nkhalango yotsekeka pamwamba, yopanda chomera pansi, ilibe chakudya ngakhale pobisala. Akatswiri amawerenga anapiye m'chilimwe, ndipo amati pafunika pafupifupi awiri pa thadzi lililonse kuti chiwerengero chisatsike. M'zigawo zambiri za kum'mwera papita zaka chiwerengerocho chili pansi pa awiri.

Tsopano ku malamulo. Nkhukundembo si mbalame yosamukasamuka ngati abakha am'tchire, choncho chigawo chilichonse chimadzipangira malamulo ake, ndipo amasintha kawirikawiri. Kwanuko amene amapanga malamulowa ndi bungwe la Tennessee Wildlife Resources Agency. Mu 2023 linachedwetsa tsiku lotsegulira ndi milungu iwiri, kufika pakati pa Epulo, n'kutsitsa malire kuchoka pa atambala atatu kufika pa awiri. Georgia inachita zofanana mu 2022. Kansas inatseka ulenje wa kumapeto kwa chaka mu 2023, ndipo chifukwa chake n'chomveka: pa nyengo imeneyo mathadzi amaloledwa kuphedwa, ndipo thadzi limodzi likafa, zisa zake zonse zam'tsogolo zafera pomwepo.

Ganizo lochedwetsa tsiku analilimbikitsa kwambiri ndi Michael Chamberlain wa ku University of Georgia. Atambala amakhala ndi ufumu wawo, ndipo mathadzi ambiri amasankha wamkuluyo. Iye ndi amenenso amalira kwambiri, ndiye amayamba kugwa ndi mfuti. Akaphedwa mathadzi asanakweredwe, otsalawo amataya masiku akulimbirana ufumu, kuikira kumachedwa, ndipo chisa chochedwa sichichita bwino. Akatswiri ena amatsutsa: kafukufuku wa University of Tennessee m'maboma a kum'mwera kwa chigawo chanucho sanapeze kuti kuchedwetsa kunachulukitsa anapiye. Ife tikuona kuti kuchedwetsa n'kwanzeru chifukwa sikuwononga kanthu, koma aliyense woganiza kuti kalendala yokha ibweza mbalamezi akudzinamiza. Popanda kupatulira mitengo ndi kutentha tchire mwadongosolo zaka ziwiri kapena zitatu zilizonse, anapiye alibe pokulira.

Mukaganiza zopita, yambani ndi mapepala. Ku Tennessee aliyense wobadwa kuyambira pa 1 Januwale 1969 amayenera kuchita maphunziro a chitetezo cha alenje. Mufunika laisensi ya ulenje yophatikiza nyama zikuluzikulu, poti nkhukundembo amaiwerengera m'gulu limenelo. Ngati muli m'dzikomo pa viza yakanthawi, samalani kwambiri: lamulo la dziko lonse limaletsa anthu otero kugwira mfuti, pokhapokha pa zifukwa zochepa, chimodzi mwa izo kukhala ndi laisensi ya ulenje yogwira ntchito. Musagwire mfuti ya mnzanu laisensi isanafike m'manja.

Kenako phunzirani kuzindikira mbalame. Tambala ndi wakuda wonyezimira, mutu wopanda nthenga wosinthasintha pakati pa kufiira, kuyera ndi buluu, ali ndi ndevu zolendewera pachifuwa ndi chikhadabo chakuthwa kumbuyo kwa mwendo. Thadzi ndi lofiirira mopanda kuwala, laling'ono, mutu wotuwa. Tambala wa chaka chimodzi amamutcha jake: ndevu zake sizifika masentimita 15, ndipo akatambasula mchira nthenga zapakati zimaposa zam'mbali. Ku Arkansas ndi ku Mississippi akuluakulu saloledwa kupha jake. Msampha uli apa: mathadzi ena, mwina limodzi pa khumi, amamera ndevu. Kumene lamulo limangoti "ya ndevu", thadzi lotere n'lololedwa, koma lisiyeni lipite. Mu Epulo likhoza kukhala ndi mazira asanu ndi atatu penapake pansi pa chitsamba.

Mfuti ndi chifefe, ya 12 kapena 20 geji (muyeso wa kukula kwa mpope wa mfuti), ndi zipolopolo za nambala 4 kapena zazing'ono kuposa zimenezo. Mumalozetsa pakhosi ndi mutu, chifukwa nthenga za m'mapiko n'zolimba ndipo mbalame yowomberedwa pathupi imathawa n'kukafera kutali. Musapitirire mamita 35. Musanapite, yesani mfutiyo papepala pa mtunda umenewo kuti muone mmene zipolopolo zikumwazikira. Kuthira chimanga ngati nyambo n'koletsedwa, ndipo malowo amawerengedwabe kuti ali ndi nyambo masiku 10 chimangacho chitachotsedwa. Mukapha, lembetsani mbalameyo pa foni kapena pa intaneti tsiku lomwelo. Manambala amenewo ndi amene akatswiri amagwiritsa ntchito pokonza malire a chaka chamawa.

Ngozi zambiri zimachitika pamene mlenje akunyang'amira kulira kwa thadzi, osadziwa kuti wolirayo ndi mlenje mnzake ali ndi kachipangizo koitanira m'kamwa. Musatsate kulira. Khalani pansi, msana pa mtengo wokulirapo kuposa mapewa anu, muitane, tambala abwere yekha. Musavale chofiira, choyera kapena chabuluu, ngakhale masokosi oonekera, poti ndi mitundu ya mutu wa tambala. Mukaona munthu akubwera, musagwedeze dzanja. Lankhulani mokweza ndi mawu a munthu. Ndipo mukadzidzimutsa thadzi likuuluka pansi pa mapazi anu, bwererani momwe mwadzera osayang'ana mazira, chifukwa thadzi losokonezedwa likangoyamba kufungatira nthawi zambiri silibwereranso pachisa.